Adani awiri a zipangizo zamagetsi za pamfuti: kukankha ndi chinyezi

M'mwezi wa Novembala chaka cha 2015, kampani ina yaikulu ya ku America yotchedwa L-3 Communications idavomera kulipira boma la dzikolo ndalama zokwana madola 25.6 miliyoni. Mlandu wake udali wa kachipangizo kokwana m'dzanja, kamene asilikali ndi apolisi amamangirira pamwamba pa mfuti kuti kaziwathandiza kuloza chandamale. Boma lidadandaula kuti nthambi ya kampaniyo, ya dzina loti EOTech, idagulitsa tizipangizoti kwa zaka zambiri ikudziwa kuti timasokonekera kukatentha kapena kukazizira kwambiri, ndiponso kuti chinyezi chimalowa m'kati mwake.

Nkhaniyi idachitikira kutali, koma adani amene adagonjetsa kachipangizo kaja ndi omwewo amene amapha matochi, mawailesi, mafoni ndi nyale za sola m'midzi ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde dzinja lililonse. Kusiyana kwake n'kwakuti tochi ikafa munthu amangogona mumdima, pamene cholozera cha pamfuti chikanama, chipolopolo chimapita kumene mwini wake sadafune. N'chifukwa chake opanga zida zimenezi aphunzira zambiri za kuteteza magetsi ku madzi ndi kugwedezeka, ndipo nzeru zawozo zili ndi phindu ngakhale kwa munthu amene sadagwirepo mfuti.

Mfuti idayamba liti kufuna batire?

Akuluakulu amene adaona nkhondo imene idatha mu 1992 amakumbukira kuti mfuti za AK zidalibe magetsi alionse. Wowombera ankayang'ana kudzera pa kampata kachitsulo kumbuyo, n'kulinganiza ndi kamtengo kachitsulo ka kumapeto kwa mpope. Zitsulo ziwirizo sizinkaopa mvula kapena matope.

Zinthu zidayamba kusintha mu 1975, pamene kampani ya Aimpoint ya mumzinda wa Malmö ku Sweden idatulutsa cholozera choyendera batire. M'kati mwake muli kanyale kakang'ono ka mtundu wa LED kamene kamawalira pa galasi lopindika. Galasilo limabweza kuwala kofiira kokha m'diso la munthu, choncho iye amaona kadontho kofiira kakuyandama pa chinthu chimene akuyang'ana, maso onse awiri ali chitsegulire. Mu 1997 gulu lankhondo la America lidasaina mgwirizano wogula zolozera za Aimpoint. Nayo EOTech, imene pa nthawiyo likulu lake lidali mumzinda wa Ann Arbor m'chigawo cha Michigan, idaonetsa mtundu wake mu 1996, woyendera kuwala kwa laser.

Kuchokera apo zipangizo zachuluka. Pali matochi omangirira pamfuti, zoonera usiku, ndi zina zoona kutentha kwa thupi la munthu kapena nyama mumdima. Zonsezi m'kati n'zofanana ndi wailesi ya m'nyumba: kabolodi kokhala ndi tinjira topyapyala tamkuwa, tizipangizo tochepa kuposa njere ya mapira towotchereredwa ndi mtovu, magalasi ndi batire. Vuto n'lakuti zinthu zosalimba ngati zimenezi zimakhala pamwamba pa chitsulo chimene ntchito yake n'kuphulika.

Mdani woyamba ndi kukankha

Aliyense amene adaonapo mlenje akuwombera amadziwa kuti mfuti imakankha phewa. Chipolopolo cha AK chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 700 pa sekondi imodzi, ndipo mphamvu imene yachikankhira kutsogolo imakankhiranso mfuti kumbuyo. Mfutiyo ikatsegulidwa kuti iziwombera mosalekeza imatulutsa zipolopolo pafupifupi 600 pa mphindi, kutanthauza nkhonya 10 pa sekondi iliyonse.

Akatswiri amayeza nkhonya zotere ndi muyeso wotchedwa g. Chinthu chikangokhala pansi chimamva g imodzi, kumene ndiko kulemera kwake kwa masiku onse. Pamfuti, kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, chipangizo chimamva ma g mazanamazana, ndipo pa mfuti zina amapitirira 1,000. Batire wamba wa AA amalemera magalamu pafupifupi 23. Pa ma g 1,000 batire yemweyo amapanikiza malo ake ngati katundu wa makilogalamu 23, pafupifupi theka la thumba la chimanga.

Zotsatira zake zimadziwika. Batire amadumpha n'kusiya kukhudza kachitsulo kake, kadontho n'kuzima pa nthawi yeniyeni yofunika. Mtovu wowotcherera umayamba ming'alu yosaoneka ndi maso, imene imakula pang'onopang'ono monga waya amathyokera akapindidwa kambirimbiri. Matochi akale ankafa msanga chifukwa kawaya kowala ka m'babu kamakhala kofewa kakatentha, ndipo kankaduka mfuti ikangolira. Choopsa kuposa zonsezi ndi kusuntha kwa galasi kapena kanyale. Apa chipangizo chimayakabe bwinobwino, mwini wake sadziwa kuti chalakwika, koma kadontho kakuloza pena pomwe mpope ukuloza pena.

Chodabwitsa n'chakuti mfuti ya mphepo ya sipuling'i, yophera mbalame, imaononga magalasi olozera ambiri amene amapirira pa mfuti zazikulu. Chifukwa chake n'chakuti imakankha kawiri: poyamba kumbuyo, kenaka kutsogolo pamene chitsulo cha m'kati chagunda kumapeto. Galasi limene lidamangidwa kuti lipirire nkhonya ya mbali imodzi yokha limakhwefuka.

Kulongedza ngati mazira

Mayi wopita ndi mazira kumsika pa njinga sawasiya kuti azigundana m'chitini. Amathira gaga kapena utuchi mpaka dzira lililonse litakhazikika. Opanga zipangizo amachita chimodzimodzi. Akamaliza kulumikiza kabolodi amathirapo utomoni wamadzimadzi umene umalowa m'mipata yonse n'kuuma. Zikatero kabolodi, mawaya ndi tizipangizo tonse zimasanduka chinthu chimodzi, ndipo nkhonya ikabwera zimasunthira limodzi popanda china kukoka chinzake.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, akatswiri a ku America adaika kawailesi kakang'ono m'mutu wa chipolopolo cha mzinga kuti chiziphulika chikayandikira ndege. Kawailesiko kadali ndi timababu tagalasi, ndipo kankayenera kupirira ma g okwana 20,000 potuluka mumzinga. Adakwanitsa pochepetsa tizipangizo ndi kutikwirira m'phula ndi mphira. Zipolopolo zoterezi zidagwetsa ndege yoyamba m'mwezi wa Januwale 1943.

Komabe utomoni uli ndi mtengo wake. Chipangizo chothiridwa utomoni sichikonzeka. Kachinthu kamodzi kakafa, kabolodi konse kamatayidwa. Ndiponso utomoni wouma gwa, monga epoxy, umafutukuka ndi kutentha mosiyana ndi mkuwa ndi mtovu, ndiye ukhoza kung'amba zomwe udaikidwa kuti uteteze. Pa chifukwa ichi opanga ena amasankha silicone, amene amauma mofewa ngati mphira.

Batire sangathiridwe utomoni popeza amafunika kusinthidwa. Ena amamuikira sipuling'i kumutu ndi kumchira kuti akadumphira uku kapena uko azikhudzabe magetsi. Ena amamugoneka chopingasa, kuti nkhonya ya mfuti isamukankhe motsata utali wake. Kampani ya Trijicon ya ku Michigan idatulutsa mtundu wachiwiri wa kacholozera kake ka RMR mu 2017, ndipo china mwa zimene idakonza ndi tizitsulo tokhudza batire, pakuti pa mfuti zazing'ono za m'manja kadontho kankaphethira. Nawo matochi adalimba pamene mababu a kawaya adalowedwa m'malo ndi LED yoyera, imene idayamba kugulitsidwa mu 1996 ndipo ilibe kawaya koduka.

Chikopa chakunja nachonso chili ndi mbali yake. Zolozera zabwino amazisema kuchokera ku chigwinjiri chimodzi cha aluminiyamu, kuti pasakhale molumikizira mwambiri. Zomangira zake amazipaka guluu wapadera m'mazinga, chifukwa kunjenjemera kumamasula nati pang'onopang'ono, monga adziwira aliyense woyendetsa njinga yamoto pa msewu wa mabampu.

Mdani wachiwiri ndi chinyezi

Mvula ndi mdani woonekera, ndipo kumutsekera kunja sikuvuta kwambiri. Wovuta ndi chinyezi cha mumpweya, chimene chimadutsa pamene dontho la madzi silingadutse.

Chipangizo chikakhala padzuwa, mpweya wa m'kati umatentha n'kufutukuka, ndipo wina umatulukira pa kampata kalikonse kamene kalipo. Usiku kukazizira, mpweya wa m'katimo umanyala, chipangizo n'kuyamwa mpweya wonyowa wakunja. M'bandakucha chinyezicho chimasanduka mame pa galasi ndi pa kabolodi, monga botolo la chakumwa chozizira limachitira thukuta likatulutsidwa m'firiji. Tsiku lotsatira zimabwerezanso. Chipangizo chimene sichidagwepo m'madzi chimapezeka chonyowa m'kati.

Madzi akakumana ndi magetsi amadya chitsulo msanga, makamaka pakakhala mchere wa thukuta la m'manja kapena wa kunyanja. Mkuwa umachita dzimbiri lobiriwira. Nthawi zina chitsulo chosungunukacho chimamera ngati timizu kuchoka pa kanjira kamodzi kufika pa kena, magetsi n'kudutsa molakwika, batire n'kumatha usiku umodzi. Kumalo otentha ndi onyowa kumabweranso nkhungu, imene imayala ulusi wake pa galasi n'kulidya. Asilikali amene adamenya nkhondo m'nkhalango za New Guinea m'zaka za m'ma 1940 adataya mawailesi ambiri chifukwa cha chinyezi ndi nkhungu, ndipo kuyambira nthawi imeneyo zipangizo zopita kumaiko otentha zidayamba kupakidwa vanishi woteteza.

Njira zolimbana ndi chinyezi zilipo zingapo, ndipo zimagwira ntchito pamodzi. Yoyamba ndi mkombero wa mphira umene umaikidwa paliponse pamene zitsulo ziwiri zakumana: pa chivindikiro cha batire, m'mphepete mwa galasi ndi pa zopotokola. Chivindikiro chikamangidwa, mphirayo imafinyika n'kutseka mpata. Yachiwiri ndi kuchotsa mpweya wamba m'kati n'kuikamo nayitirojeni kapena argon wouma, kuti musakhale chinyezi chopanga mame. Kampani ya Leupold ya ku Oregon idayamba kuchita izi kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo imasimba kuti chidayambitsa ndi tsiku limene Marcus Leupold adaphonya nyama chifukwa galasi lake lidachita nthunzi m'kati. Yachitatu ndi kupaka kabolodi kachikopa kopyapyala ka vanishi, kuti ngakhale chinyezi chilowe chisakhudze mkuwa. Yachinayi ndi kukuta tizitsulo tokhudza batire ndi golide, pakuti golide sachita dzimbiri.

Pamwamba pa zonsezi pali lamulo losavuta: bowo lililonse ndi khomo la madzi. Wopanga wanzeru amachepetsa mabatani ndi zivindikiro, ndiponso amayesetsa kuti batire azikhalitsa kuti chivindikiro chisamatsegulidwe pafupipafupi. Aimpoint imanena kuti cholozera chake cha CompM4 chimayaka maola 80,000, zaka zoposa 8, ndi batire mmodzi wa AA, ndipo chingamire m'madzi mpaka mamita 45.

Mayeso ake ndi otani?

Gulu lankhondo la America lili ndi buku la malamulo a mayeso lotchedwa MIL-STD-810, limene lidatuluka koyamba mu 1962 ndipo lakhala likukonzedwa. Limafotokoza mmene chipangizo chingayesedwere ku mvula, fumbi, mchenga, nthunzi ya mchere, kunjenjemera ndi kugwa. Mu mayeso ena a chinyezi, chipangizo chimatsekeredwa masiku 10 m'bokosi la mpweya wonyowa kwambiri, kutentha kukukwera ndi kutsika pakati pa madigiri 30 ndi 60 tsiku lililonse. Cholinga chake n'kuchikakamiza kupuma mpweya wonyowa monga chingachitire kuthengo. Mu mayeso a kugwa amene makampani ambiri amatchula, chinthu chimagwetsedwa ka 26 kuchokera pa msinkhu wa masentimita 122, kuti chigwere mbali zonse ndi ngodya zonse.

Kwa anthu wamba, chizindikiro chimene chimaoneka kawirikawiri ndi zilembo za IP zotsatiridwa ndi manambala awiri. Malamulo ake adakhazikitsidwa ndi bungwe la IEC, limene likulu lake lili ku Geneva. Nambala yoyamba imanena za fumbi, kuyambira 0 mpaka 6, ndipo 6 ndiye kuti fumbi sililowa konse. Yachiwiri imanena za madzi. Nambala 4 ikutanthauza kupirira madzi owazidwa, 7 ikutanthauza kumira mita imodzi kwa mphindi 30, pamene 8 ndi kumira kopitirira apo malinga ndi mmene wopanga walembera. Chilembo cha X chikaima m'malo mwa nambala, monga IPX4, ndiye kuti mbali imeneyo sidapatsidwe muyeso.

Mayesowa ali ndi malire. Amachitika pa chinthu chatsopano, ndi madzi oyera, kwa nthawi yochepa. Chipangizo chikhoza kupambana mayeso omiza kwa mphindi 30, koma n'kugonja kwa chinyezi cholowa pang'onopang'ono kwa zaka ziwiri. Ndiponso nthawi zambiri woyesa ndi mwini kampani. Apa ndi pamene nkhani ya EOTech imaphunzitsa.

Chikomekome cha nkuyu

EOTech inkalonjeza kuti zolozera zake zimagwira ntchito kuyambira pa kuzizira kwa madigiri 40 pansi pa ziro mpaka kutentha kwa madigiri 60, komanso kumalo a chinyezi. Malinga ndi dandaulo limene boma lidapereka kukhoti ku New York, kampaniyo idadziwa kuyambira mu 2006 kuti kutentha kapena kuzizira kukafika pakulu, kadontho kamasuntha kuchoka pamene kadaikidwa. Mu 2007 kudadziwikanso kuti kuzizira kumapotoza chithunzi cholozera. Pofika mu 2008, boma lidatero, kampaniyo inkadziwa kuti chinyezi chikudutsa zotsekera n'kuononga za m'kati, mwakuti chithunzicho chinkazirala mpaka kuvuta kuchiona.

Kunja zolozerazo zinkaoneka zolimba, ndipo asilikali ankazikonda. Mu 2015 apolisi a FBI adaziyesa okha napeza vuto la kusuntha kwa kadontho. Chaka chomwecho akuluakulu a asilikali apadera a dzikolo adatulutsa chenjezo loti pa kutentha kapena kuzizira kwakukulu chipolopolo chikhoza kuphonya ndi masentimita oposa 10 pa mtunda wa mamita 100. Pa mamita 300 kuphonyako kumakhala katatu. Kwa wapolisi amene akuloza chigawenga chimene chagwira munthu wosalakwa, masentimita amenewo ndi moyo wa munthu.

Mlanduwo udatha ndi madola 25.6 miliyoni aja, ndipo pambuyo pake kampaniyo idabwezera ndalama anthu wamba amene adabweza zolozera zawo. Mu 2020 EOTech idagulitsidwa kwa eni ena. Chimene boma lidatsindika pa mlanduwo sichidali kupezeka kwa vuto kokha, popeza chipangizo chilichonse chili ndi pofookera, koma kuti ogula sadauzidwe pa nthawi yake.

Opanga ena adasankha kuthawa vutoli pochotseratu batire. Cholozera cha ACOG cha Trijicon, chimene chidatuluka mu 1987, pa mitundu yake yodziwika chimawala masana ndi kaulusi kotolera kuwala kwa dzuwa, ndipo usiku ndi mpweya wa tritium wotsekeredwa m'kabotolo kagalasi. Nayo tritium imazirala, mphamvu yake imatsika ndi theka pa zaka 12 zilizonse. Ndipo asilikali ambiri amasiyabe zolozera zachitsulo pamfuti, kuti magetsi akafa akhale ndi pothawira.

Phunziro kwa a kumudzi

M'dziko la Mozambique munthu saloledwa kusunga mfuti popanda chilolezo cha boma, ndipo zolozera zamagetsi si katundu wa pamsika wa m'mudzi. Koma alonda a nyama ku Niassa ndi ku paki ya Mágoè, imene idakhazikitsidwa mu 2013, amayenda m'tchire ndi mawailesi a m'manja, matochi ndi zipangizo zina zimene zimakumana ndi mvula ya dzinja ndi dzuwa la m'chigwa cha Zambezi, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Mlimi wa mbatata ku Tsangano nayenso amadalira foni kuti amve mitengo ndi kulandira ndalama. Onsewa angatolepo kanthu.

Pogula tochi, foni kapena nyale ya sola, mawu okha oti chinthucho sichiopa madzi sakwanira. Wogula ayang'ane ngati pali manambala a IP, ndipo atsegule chivindikiro cha batire kuti aone ngati pali mkombero wa mphira. Tochi igwedezedwe ili chiyakire. Ikaphethira ndiye kuti batire sakhazikika, ndipo pa njinga sikhalitsa.

Mkombero wa mphira umakalamba, umauma n'kung'aluka. Kamchenga kamodzi kapena tsitsi limodzi likapingasa pamenepo, madzi apeza njira. Ndi bwino kuupukuta nthawi iliyonse batire akusinthidwa. Mafuta a galimoto amafufumitsa ndi kuononga mitundu ina ya mphira. Oyenera ndi girisi wa silicone. Foni imene idagwapo n'kusweka galasi, kapena imene idatsegulidwapo kwa okonza, isayesedwenso yosalowa madzi ngakhale idagulidwa ndi chizindikiro cha IP67.

Chipangizo chosagwiritsidwa ntchito kwa milungu ingapo chichotsedwe mabatire, chifukwa batire wakale amatulutsa madzi oyera ngati mchere amene amadya zitsulo. Chisasungidwe m'pepala la pulasitiki chili chonyowa, pakuti chinyezi chimatsekeredwa momwemo. Ndipo chikagwa m'madzi, choyamba n'kuchizimitsa ndi kuchotsa batire ngati amachoka, kenaka n'kuchiika pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku angapo. Kuchiyatsa msanga kuti aone ngati chili moyo, kapena kuchilumikiza ku chaja, ndiko kumachipha, chifukwa magetsi ndiwo amapatsa madzi mphamvu yodya mkuwa. Kuchiwamba pamoto nakonso kumaononga mphira ndi batire.

Zimene zimasunga moyo wa chipangizo chamagetsi, kaya cha msilikali kaya cha mlimi, ndi tinthu totsika mtengo tobisika m'kati: kamphira, vanishi, utomoni ndi sipuling'i. Wogula sangathe kuziona zonse, choncho amadalira zimene wopanga walemba pa bokosi. Boma la America lidali ndi akatswiri oyesa ndi makhoti odandaulirako, komabe lidatenga zaka pafupifupi 9 kuti lidziwe zoona zonse. Wogula wa ku Ulónguè alibe zimenezo, ndiye chitetezo chake n'kufunsa, kuyang'ana manambala, kusunga lisiti ndi kumvera amene adagwiritsapo ntchito chinthucho dzinja lathunthu.